Kuyeza nyumba ya matabwa ndi zipangizo musanayambe kuikonza: zimene ndinaona ku Makeni

Mu Lusaka nyumba zomangidwa ndi matabwa kuyambira pansi mpaka kudenga n'zowerengeka, chifukwa mzinda uno unakula ndi njerwa ndi mabuloko a simenti. Zilipo ndithu m'mafamu a ku Makeni, ku Lusaka West ndi cha kumsewu wa Leopards Hill, komanso m'malo ogona alendo, ndipo ngakhale nyumba zakale za njerwa za ku Rhodes Park, Longacres ndi Woodlands zili ndi matabwa ochuluka kudenga, m'mafelemu a zitseko ndi mawindo, ndiponso pansi pamene anayala timatabwa ta parquet. Mwini nyumba yotere akafuna kuikonza amamva malangizo awiri otsutsana, pakuti wina amati zonse zinatha ndipo aphwasule n'kuyambiranso, pamene wina amati penti yokha ikwanira. Ntchito imene ndikuiunika pano ndi ya kakampani kena ka mumzinda muno kamene kamalonjeza kuthetsa mkangano umenewu ndi manambala. Amabwera ndi zipangizo zoyezera, amajambula nyumba yonse pa tabuleti, ndipo pakapita masiku ochepa amatumiza lipoti losonyeza malo onse okayikitsa. Ndineneretu kuti ntchitoyi ndi yoyenera kuilipira, koma munthu amene angakhulupirire lipotilo popanda kufunsanso akhoza kugona pansi pa mtanda wodyedwa ndi chiswe, chikalata chonena kuti zonse zili bwino chili m'manja.

Nyumba imene anayeza ndi ya azakhali anga ku Makeni. Makoma ake ndi a matabwa, ndipo inakhazikidwa pa zipilala za njerwa moti pansi pake pali mpata woti munthu n'kukwawamo. Pansi pa zipinda anayala mukusi, mafelemu ndi a mukwa, mtengo umene kwathu kum'mawa timautcha mlombwa, ndipo denga linasinthidwa patapita zaka ndi matabwa a paini. Mitengo itatu imeneyi siifanana, ndipo kusafanana kumeneku n'kumene kumayesa luso la woyeza aliyense. Mukusi umamera m'nkhalango za mchenga za kumadzulo ndi kum'mwera kwa dziko lino, kumene kampani ya Zambezi Sawmills inayala njanji yochokera ku Livingstone kukafika ku Mulobezi kuti izitulutsirapo matabwa, ndipo unkagwiritsidwa ntchito popanga mitanda yogonekapo njanji chifukwa ndi wolemera ndiponso chiswe sichiufuna kwenikweni. Mukwa ndi wopepukirapo ndipo supindika kwambiri nyengo ikasintha. Paini wambiri amene timagula amachokera m'minda ya mitengo ya ku Copperbelt, monga ya kampani ya ZAFFICO, ndipo ndi wofewa kotero kuti akapanda kulowetsedwa mankhwala chiswe chimamudya mosavuta.

Anabwera anthu awiri m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, katswiri wachinyamata ndi womuthandiza wake. Azakhali anali ataitananso kalipentala wachikulire wa ku Kalingalinga amene wakhala akuwakonzera zitseko kwa zaka zambiri, ndipo iyeyu sanali wa kampaniyo. Choyamba anajambula pulani. Katswiriyo ankayenda chipinda ndi chipinda atanyamula tabuleti yokhala ndi LiDAR, kachipangizo kamene kamaponya kuwala kosaoneka ndi maso n'kuwerengera kutalika kwa khoma lililonse, ndipo makoma ankatulukira pagalasi iye akuyenda. Kwa nyumba yakale imene mapepala ake anasowa kalekale, chimenechi ndi chithandizo chachikulu, chifukwa pulani imene ikanadya tsiku lathunthu ndi tepi inatha dzuwa lisanakwere. M'zipinda miyezo inagwirizana bwino ndi tepi ya akalipentala, koma pakhonde, pamene panali kuwala kwambiri, ndi m'denga, mmene mitengo ndi yothithikana, pulaniyo inasokonezeka ndipo anachita kuyezanso pamanja. Pulani yotere ndi yokwanira powerengera malata, penti ndi matabwa ogula, koma palibe kalipentala wanzeru amene angadule thabwa potsata nambala yake asanaikepo tepi.

Ntchito yeniyeni ili pa mita yoyezera chinyezi, ndipo apa m'pamene ndalama za mwini nyumba zimagwira ntchito kapena kutayika. Anali ndi mamita awiri. Ina ili ndi timisomali tiwiri timene amabaya m'thabwa, ndipo imayeza mmene magetsi akuvutikira kudutsa pakati pa timisomalito, popeza magetsi amadutsa mosavuta m'thabwa lonyowa kuposa louma. Inayo siibaya, amangoikhazika pamwamba pa thabwa ndipo imamva chinyezi mpaka pafupifupi masentimita 2 kulowa mkati, choncho ndi imene anagwiritsa ntchito pa mukusi wa pabalaza kuti asauboole. Nambala imene imatuluka ndi kulemera kwa madzi poyerekeza ndi kulemera kwa thabwa litaumiratu. Thabwa limene chinyezi chake chili pansi pa 20 peresenti siliwola, chifukwa mafangasi owoletsa mitengo sangakulemo, ndipo kuwola kumayamba mwamphamvu chinyezi chikamayandikira 30 peresenti n'kukhala pamenepo nthawi yaitali. Mfundo imeneyi yokha inapulumutsa khoma lonse la kumpoto, limene womanga wina anali atauza azakhali kuti aligwetse chifukwa penti inali itasenda ndipo matabwa anali atada. Mita inasonyeza manambala a pakati pa 13 ndi 15 khoma lonselo, ndipo akalipentala atapala pang'ono anapeza thabwa lolimba pansi pa kudako. Kumbuyo kwa bafa, kumene ndi maso kunkaoneka kosalala chifukwa cha penti yatsopano, mita inadutsa 25, ndipo atakanula thabwa limodzi anapeza paipi imene inkadontha pang'onopang'ono.

Koma nambala ya mita siiwerengedwa yokha, ndipo pamenepa katswiriyo anachita bwino theka n'kulephera theka. Matabwa amamwa ndi kutulutsa chinyezi potsata mpweya wowazungulira. Chinyezi cha mumpweya chikakhala 30 peresenti thabwa limakhazikika pa 6 kapena kuposerapo pang'ono, chikakhala 65 limakhala cha pa 12, ndipo chikafika 80 limakwera mpaka cha pa 16. Ndiye kuti mu Lusaka, mmene mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo kenako n'kuuma mpaka Okutobala, thabwa limodzimodzi labwinobwino limapereka manambala osiyana pa chaka. Katswiriyo ankadziwa zimenezi, anayeza mpweya asanayambe, ndipo anafotokozera azakhali mwaulemu kuti, "Amayi, 15 mu Febuluwale si matenda, koma mukadzaona 15 mu Seputembala mudzafunse kumene madzi akuchokera." Pulogalamu ya pa tabuleti sinkadziwa zimenezi, moti inapaka mtundu wachikasu wochenjeza pafupifupi theka la nyumba, ndipo wowerenga lipoti amene sanamve mawu a pakamwawo akhoza kuchita mantha pachabe.

Vuto lalikulu ndi la mtundu wa mtengo. Mamita ambiri obaya amakonzedwa kufakitale potengera mitengo ya kunja, monga Douglas fir wa ku America kapena paini wa ku Ulaya, ndipo pa mtengo wina uliwonse woyeza amayenera kukonza nambalayo potsata tebulo la mitundu ya mitengo. Mita yosabaya nayo imadalira kulemera kwa mtengo, kotero kuti ikatcheredwa pa mtengo wopepuka n'kuikidwa pa wolemera imakweza nambala. Mukusi wouma umalemera pafupifupi makilogalamu 900 pa kiyubiki mita pamene mukwa umalemera cha pa 600, choncho kusiyanaku si kochepa. Pa mndandanda wa m'pulogalamu yawo munalibe mukusi kapena mukwa, ndipo katswiriyo anangosankha mtengo wakunja umene anauona kuti ukuyandikira, koma m'lipoti sanalembe kuti anasankha uti. Zotsatira zake n'zakuti pansi pa pabalaza panalembedwa manambala okwera amene palibe angawatsimikizire. Palinso zina ziwiri zimene zimanamiza mita yobaya. Thabwa lotentha, monga mapaso a pansi pa malata masana, limaonetsa nambala yokwera kuposa chinyezi chenicheni, ndipo thabwa lolowetsedwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola otchedwa CCA, aja amasiya mtundu wobiriwira, nalonso limakweza nambala likanyowa chifukwa cha mchere wa mankhwalawo. Njira yosakayikitsa ndi yodula kachidutswa, kukayeza pa sikelo, kukaumitsa mu uvuni pa madigiri 103 mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha, n'kukayezanso. Sindikunena kuti azichita zimenezi pa thabwa lililonse, koma kampani imene imayeza mukusi ndi mukwa kawirikawiri inayenera kuchitapo kamodzi n'kupanga tebulo lakelake.

Kamera yoona kutentha ndi imene imakopa anthu kwambiri chifukwa cha mitundu yake yowala, koma ine ndinaiona kuti ndi yothandiza pang'ono. Siiona mkati mwa khoma monga ena amaganizira, imangosonyeza kutentha kwa pamwamba, ndipo malo onyowa amaoneka ozizira chifukwa madzi akamauma amachotsa kutentha. M'mawa inalozadi pa siling'i pamene msomali wa malata unkalowetsa madzi. Dzuwa litakwera malata anatentha ndipo chithunzi chonse chinangofiira. Kamera ya pachingwe, imene amailowetsa pa kabowo kakang'ono, inathandiza kwambiri poona pakati pa matabwa a kunja ndi a mkati popanda kukanula khoma.

Chimene zipangizo zonsezi sizinaone ndi chiswe, chimene kuno n'chimene chimagwetsa nyumba za matabwa kuposa kuwola. Mtanda wina wa paini wa pakhonde unayezedwa n'kupereka 11, ndipo pa tabuleti unapakidwa mtundu wobiriwira wosonyeza kuti uli bwino. Akalipentala, amene nthawi yonseyi ankatsatira pambuyo osalankhula, anagogoda mtandawo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kuyambira kukhoma mpaka ku nsichi, ndipo atafika chapakati kulira kwake kunasintha n'kukhala kwa chinthu champhako. Anatembenuza sikuludiraivayo n'kukankha ndi dzanja limodzi, ndipo inalowa mpaka m'chigwiriro, dothi louma lofiira n'kuyoyokera pa nsapato zawo. Iwo anangoti, "Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, bwera udzajambule apa." Mita sinaname, chifukwa chikhungwa chimene chinatsalacho chinalidi chouma. Chiswe chochokera m'nthaka chimadya mkati n'kusiya kunja kuli kosalala, ndipo chikakhala chili momwemo dothi lonyowa limene chimabweretsa likhoza kukweza nambala ya mita, koma chikasamuka mphako imauma ndipo chipangizo sichinenanso kanthu. Palinso chiswe cha m'matabwa ouma chimene sichifuna nthaka ndipo chimadziwika ndi timibulu touma timene timagwa pansi, komanso tizilombo tofumbwitsa timene timaboola timabowo ta milimita 1 kapena 2 n'kutulutsa fumbi losalala, makamaka m'mbali yoyera ya m'mphepete mwa thabwa la mukwa. Zonsezi zimapezeka ndi maso, khutu ndi chitsulo chosongoka.

Ndiyamikire katswiriyo kuti sanachite makani. Anajambula malowo, anasintha mtundu wake pa pulani, ndipo kenako anakwawa pansi pa nyumba pamodzi ndi akalipentala atanyamula tochi, kumene anapeza timisewu ta dothi tokwera m'zipilala ziwiri za kumbali ya khonde. Pamwamba pa zipilalazo panalibe timalata totchinga timene timakakamiza chiswe kuzungulira poonekera, ndipo pafupi nazo panali pataunjikidwa nkhuni ndi zidutswa za matabwa zogunda nthaka. Komabe mfundo ndi yakuti kugogoda ndi kubaya sikunali pa ndondomeko imene pulogalamu yawo inkamuuza kutsata, ndipo akanabwera okha mtanda uja ukanalowa m'lipoti uli wobiriwira. Chilipo chipangizo chimene chimalowetsa kasingano kakatali kopyapyala m'mtanda n'kulemba mmene mtengo ukulimbira kuchokera mbali ina kufika inzake, ndipo chimasonyeza mphako mosabisa, koma kampani imeneyi ilibe.

Lipoti linabwera mkati mwa mlungu womwewo, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti chithunzi chilichonse chinamangiriridwa pa malo ake pa pulani, moti ukagunda kadontho ka pa khoma la bafa umaona chithunzi, nambala ya chinyezi ndi tsiku limene anayeza. Kwa banja limene ena ali ku Chipata, ena ku Kitwe, ndipo onse akusonkha ndalama zokonzera, zimenezi zimachepetsa kukayikirana, chifukwa aliyense amaona yekha pa foni yake chimene ndalama ikukagwira. Zinathandizanso poitanitsa mitengo ya ntchito kwa omanga, popeza onse anawerengera pa mndandanda umodzi ndipo zinali zosavuta kuona amene wawonjezera zosafunika. Koma zinkaonekeratu kuti chikalatacho chinakonzedwera maiko ozizira. Munali mitu yofunsa za zotenthetsera nyumba ndi kulemera kwa chipale chofewa padenga, yonse yolembedwa kuti sizikukhudza, pamene chiswe chinaikidwa pa kamzere kamodzi ka tizilombo tina. Lipoti lonse ndi la Chingerezi cha akatswiri, ndipo azakhali, amene ndi eni nyumba, anachita kudikira kuti wina awamasulire. Tsamba limodzi la m'chinenero chathu lonena zoyenera kuyamba ndi zimene zingadikire silikanawadyera nthawi.

Chinanso chimene sichinandisangalatse n'chakuti lipotilo anatumiza ngati linki yofuna intaneti nthawi iliyonse munthu akafuna kulitsegula. Aliyense amene anakhala mu Lusaka mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, akudziwa kuti chikalata chogwiritsa ntchito pamalo omangira chiyenera kutseguka ngakhale netiweki palibe. Titapempha anatipatsa PDF ndipo tinaisindikiza, koma izi zinayenera kukhala mbali ya ntchito osati chopempha. Ndi bwinonso kufunsa kuti zithunzi za m'kati mwa nyumba zikusungidwa kuti ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa pulani yosonyeza chitseko ndi windo lililonse si chinthu chosiyira aliyense, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2021.

Pa malangizo okonzera, lipotilo linangoti mitengo yowonongeka isinthidwe ndi matabwa amankhwala, zimene n'zosakwanira kwa munthu amene akupita ku msika wa Buseko ndalama zili m'thumba. Matabwa amankhwala ali ndi magulu potengera kumene akakhale. Pa ndondomeko imene imatsatidwa ku South Africa, H2 ndi wa mkati mwa nyumba posagunda nthaka, monga mapaso, H3 ndi wa panja pofika mvula koma posagunda nthaka, monga matabwa a khoma ndi a khonde, ndipo H4 ndi wokumbira pansi, monga nsichi. Thabwa longopakidwa mankhwala ndi bulashi, kapena oyilo wakutha wa galimoto monga ambiri amachitira, silifanana ndi lolowetsedwa mankhwala ndi mphamvu ya makina, ndipo mtundu wobiriwira wa pamwamba si umboni wokwanira, choncho wogula adule kumapeto aone ngati mankhwala analowa. Zidutswa za matabwa a CCA siziyenera kusonkhezeredwa pamoto wophikira chifukwa muli poizoni wotchedwa arsenic, ndipo chenjezo limeneli linayenera kukhala m'lipoti lopita ku banja limene limaphika ndi nkhuni. Chimene kampaniyi inachita bwino, ngakhale ndi malipiro apadera, n'chakuti katswiri uja anatiperekeza ku msikako ndi mita yake, ndipo mulu wina wa paini umene wogulitsa ankati ndi wouma unasonyeza manambala opitirira 20. Thabwa lotero likakhomedwa limauma lili pakhoma, n'kupindika ndi kusiya mipata Okutobala asanafike.

Payeneranso kudziwika kuti lipoti limeneli silinena ngati denga lingathe kusenza katundu, ndipo iwo eni analemba zimenezi pa tsamba lomaliza ndi zilembo zing'onozing'ono. Amene akufuna kuchotsa khoma, kusintha malata n'kuika matailosi olemera, kapena kukweza thanki ya madzi ndi masola padenga, afunika injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, womanga wolembetsedwa ku National Council for Construction, ndiponso chilolezo cha khonsolo ngati akusintha kamangidwe ka nyumba. Nyumba zakale zambiri za mumzinda muno zinafoleredwa ndi asibesito, ndipo pa denga lotero woyeza aliyense asaloledwe kuboola kapena kupala chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Mtengo wa ntchito yonse yoyeza unali wochepa poyerekeza ndi ndalama zimene zikanapita pogwetsa ndi kumanganso khoma la kumpoto lija, ndipo pa chifukwa chimenechi ndikuilimbikitsa kwa aliyense amene akugula nyumba yakale ya matabwa kapena amene akufuna kukonza mbali yaikulu. Kwa munthu amene vuto lake ndi chitseko chimodzi kapena malata odontha pamalo odziwika, kalipentala wabwino akwanira. Amene aitane kampani yotere aitane m'nyengo ya mvula, makamaka Febuluwale kapena Malichi, chifukwa mu Seputembala malo odontha amakhala atauma ndipo mita imangotamanda chilichonse. Agwirizane asanalipire kuti mtanda uliwonse wosenza katundu ugogodedwa ndi kubayidwa, kuti woyeza akwawa pansi pa nyumba ndi kukwera m'denga, ndiponso kuti pambali pa nambala iliyonse palembedwa mtundu wa mtengo ndi mmene mita inatcheredwera. Abweretsenso kalipentala wawo amene amasiyanitsa mukwa ndi mukusi pongoona. Kuyezanso kachiwiri ntchito yokonza itatha, kuti zidziwike ngati khoma la kumbuyo kwa bafa lauma, kampaniyi imalipiritsa padera, ndipo mtengo wake ndi wosavuta kunenerera pa tsiku loyamba kusiyana ndi pamene lipoti latuluka kale.